Mwabwerako ku Congo, akuponyani ku Mangochi: yankho langa kwa msilikali mnzanga

Kalata iyi ndinaiwerengera pakhonde, pafoni, magetsi atazima, chifukwa mwezi wa Okutobala kuno m'nyumba simukhalika. Wailemba ndi msilikali wachinyamata amene anali ku Congo ndi gulu la SADC, n'kubwerako mu 2025. Atangofika anamutumiza kuno kunyanja, malo amene mtima wake sukuwafuna mpang'ono pomwe. Akuti kukutentha, ntchito ndi ya pageti basi, mkazi ndi ana ali kutali. Ndiye akufunsa: apirire, apemphe transifa, kapena angovula yunifolomu?

Achimwene, ndinayamba kukuyankhani pa imelo pomwepo, koma mawu anakana kufupika. Mwandikhudza pachilonda, pakuti njira mukuyendayo ndinaipondapo ine.

Ine ndinali ku Beni, kum'mawa kwa Congo, mu 2015, m'gulu lija la United Nations limene munali ife Amalawi, anzathu a ku Tanzania ndi a ku South Africa. Linakhazikitsidwa mu 2013 kuti lithane ndi zigawenga za M23, koma nthawi yathu mdani anali ADF, zigawenga za m'nkhalango zimene zinkalowa m'midzi usiku n'kupha anthu ndi zikwanje. Zimene ndinaona m'mbali mwa msewu wopita ku Oicha ndi Eringeti sindizilemba pano. Mkazi wanga yemwe sindinamuuze zonse mpaka lero. Chimene chinkandilimbitsa mtima kumeneko chinali chimodzi: ndikabwerera ndikakhala ndi banja langa ku Lilongwe, ndizikapita kwathu ku Dedza kumapeto kwa sabata, ndikadye mbatata ya kachewere pozizira. Ndinabwerera, ndinapuma tchuthi, kenaka kalata inatuluka yoti ndipite kunyanja. Palibe anandifunsa, ndipo m'chisilikali safunsa munthu.

Tinatsika phiri la Golomoti mu Novembala, ndili kumbuyo kwa lole. Kukhotera kulikonse mpweya unkanka nutentha, ngati tikulowa mu uvuni wa njerwa. Pofika kugombe ndinali nditadana nawo kale malowa. Ndinadana ndi dzuwa, udzudzu, fungo la usipa pa thandala, mchenga wolowa m'jombo. Ndinadana ndi anthu chifukwa ankayankhula Chiyawo ine osamva, ndipo akaseka ndinkayesa akuseka ine. Kuitanira mapemphero a m'bandakucha kumzikiti kunkandidzutsa mtima ukugunda ngati ng'oma, dzanja likufufuza mfuti pambali pa bedi pomwe panalibe mfuti.

Koma chimene chinandisautsa kwambiri ndi nyali. Inu mukuziona usiku uliwonse kukakhala mdima wopanda mwezi: mzere wa nyali za asodzi a usipa patali pamadzi, ngati tauni yoyandama. Alendo amazijambula, amati n'zokongola. Ine ndinkaziwerenga. Ndinkakhala panja mpaka 2 koloko ndikuwerenga, kuona kuti iti yasuntha, iti yazima, iti ikuyandikira. Mutu unkadziwa bwinobwino kuti ndi alovi, anyamata a pa boti, akukoka khoka la chilimira. Thupi silinkamva zimenezo. Tsiku lina pamsika njinga yamoto ya kabaza inaphulitsa utsi kumbuyo kwanga, ndinapezeka ndagona pansi kuseri kwa benchi ya tomato, amayi ogulitsa akundiyang'ana ndi chisoni.

Ndinalemba makalata atatu opempha transifa. Onse ndinalembamo za kutentha ndi malungo.

Ndiye mwezi wa Juni ndinapeza tchuthi, ndinapita kwathu ku Dedza. Kuzizira kuja ndinkakulota ndili ku Beni kunalipodi, mayi anga anandiphikira zonse zimene ndimakonda, mkazi ndi ana anabwera. Usiku woyamba tulo osabwera. Wachiwiri chimodzimodzi. Wachitatu ndinapezeka ndaima pakhomo ndikuwerenga moto wa m'mapiri, wa anthu otcha makala. Mwana wanga wamkazi anagwetsa mbale yachitsulo pasimenti, ine ndinamukalipira mpaka anadzikodzera. Anali ndi zaka zinayi. Usiku umenewo ndi pomwe ndinavomera kuti chimene ndinkachitcha Mangochi ndinali nditakwera nacho basi mpaka kwathu.

Achimwene, imelo yanu inatumizidwa 2:40 usiku. Mwalemba za dzuwa, za geti, za akuluakulu, koma za tulo simunalembe kanthu. Ndaiona nthawiyo, n'chifukwa chake ndikuyankhula chonchi.

Pali chinanso chimene ambiri timachita nacho manyazi. Kunkhondo tsiku lililonse linali ndi tanthauzo. Ukalakwitsa, mnzako amafa. Ukachita bwino, mudzi umagona. Munthu amene unkagona naye m'dzenje limodzi ankakudziwa kuposa mbale wako wa bere limodzi. Ndiye ubwere kuno akupatse kaundula wa pageti kuti uzilemba manambala a galimoto, ndipo wokuyang'anira ndi munthu amene sanamvepo chipolopolo chikudutsa pakhutu pake. Mumtima mumabwera mawu oti: ine, amene ndinaona zijazi? Ndipo kuseri kwa mawuwo kuli chilakolako chobwerera komweko. Inde, ine ndinkakusowa ku Beni, malo amene ndinkapempha Mulungu usiku uliwonse kuti andichotseko. Musadziyese wamisala mukamva chimodzimodzi. Koma musalole kunyada kumeneko kukusandutseni munthu wonyoza anzanu amene sanapite. Mawa ndi iwo adzakwera ndege, ndipo adzafuna munthu woti awauze zoona.

Inu nkhondo yanu inali yowawa mwa mtundu wina. Munapita kumapeto kwa 2023 kapena m'kati mwa 2024, mu Januwale 2025 M23 inalanda mzinda wa Goma, tinataya anyamata athu, ndipo mwezi wotsatira Pulezidenti wa nthawiyo, Chakwera, analamula kuti mukonzeke kubwerera. Munakhala miyezi muli m'misasa, mzinda uli m'manja mwa omwe munapita kukawaletsa. Munthu wobwera chonchi sabwera ndi nyimbo. Amabwera ndi funso loti anzanga aja anafera chiyani, ndipo funso limenelo likapanda koti litulukire limasanduka mkwiyo pa chilichonse chimene chili pafupi: sajeni, dzuwa, mkazi pafoni.

Apa ndiye ndiyankhule mosabisa za ife Amalawi ndi mmene timalandirira asilikali athu, chifukwa zimandipweteka. Munthu akatsika ndege, funso loyamba ndi la alawansi. Amalume akufuna malata, mlamu akufuna mpamba wa bizinesi, kumpingo akukuika pa komiti ya zomangamanga, anzako a kumowa akukutcha bwana. Aliyense akuwerengera kuti ugula puloti kuti, galimoto ya mtundu wanji. Sindikunena kuti kuthandiza abale n'kulakwa, nanenso ndinafolera nyumba ya mayi anga ndipo sindidandaula. Koma pa anthu onse amene anabwera kudzandiona, palibe ndi mmodzi yemwe anafunsa kuti ukugona bwanji. Ndalama zikatha, anthu aja amatha nawo, iwe n'kutsala ndi maloto ako. Ndipo mawu aja oti mwamuna salira ndimadana nawo ndi mtima wanga wonse. Apha amuna ambiri amene chipolopolo chinawaphonya. Madala amene analondera njanji ya ku Nacala nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique, m'zaka za m'ma 1980, ena tinawapeza akadali pantchito. Tinkawaona akumwa mwakachetechete, osacheza ndi munthu, ife n'kumati ndi khalidwe lawo. Lero ndikudziwa kuti silinali khalidwe.

Timadziwa kulemekeza akufa. Private Chancy Chitete, amene anaphedwa pafupi ndi Beni mu Novembala 2018 akupulumutsa msilikali wa ku Tanzania wovulala, anapatsidwa mendulo ya kulimba mtima ya Captain Mbaye Diagne ndi United Nations mu 2019, ndipo anayeneradi. Tsiku limenelo tinataya Amalawi asanu ndi mmodzi. Koma anyamata amene anali naye m'nkhalangomo n'kubwerako amoyo, amene ananyamula mitembo, dziko limawayesa kuti poti ali ndi manja ndi miyendo ndiye kuti ali bwino.

Mukadzapita pa boma, kaimeni pa nsanja ya wotchi ija pafupi ndi mlatho wa Bakili Muluzi. Pali mfuti yaikulu ya sitima ya Guendolen, imene mu Ogasiti 1914 inakaombera sitima ya Ajeremani, Hermann von Wissmann, ku Liuli, tsidya la Tanzania. Ana a sukulu amaikwera, ogulitsa mandasi amakhala pamthunzi pambali pake. Ine ndinkadutsapo osaiyang'ana, kufikira tsiku lina ndinakhala pomwepo ola lathunthu. Ndinkayesa kuti andiponya kumalo osadziwa nkhondo, pomwe tauni ino inayamba ngati linga la asilikali, Fort Johnston, ndipo inaona za ukapolo ndi mfuti kalekale ife tisanabadwe.

Amene anandithandiza poyamba sanali dokotala. Anali mdala wina wosoka maukonde pagombe, Msilamu, amene anandiona ndikukhala ndekha madzulo aliwonse. Sanandifunse za Congo. Anangondikankhira bawo. Tinasewera miyezi, iye akundidya nkhomo tsiku ndi tsiku, akundiphunzitsa kuti m'mawa ndizinena kuti "Ajimwiche uli?" m'malo mongodutsa anthu ngati mitengo. Tsiku lina ndinamuuza za nyali zija. Sanaseke. Anauza mdzukulu wake kuti anditenge pa ulendo wa usiku. Ndinakhala m'boti pakati pa nyalizo, ndikumva anyamata akutukwanizana, akuimba, akukoka, usipa ukuphiriphitha m'miyendo. Kuchokera tsiku limenelo ndikaona nyali ndimaona nkhope za anthu. Pa Ramadan banja lake linkanditumizira futali, ine Mkatolika wa ku Dedza, ndipo mawu a kumzikiti aja anasanduka wotchi yanga yodzukira kukathamanga dzuwa lisanatuluke. Mdalayo anamwalira nthawi ya mwera zaka zapitazo. Nditapuma ntchito sindinabwerere kwathu, ndinamanga konkuno.

Sindikuti inunso mudzakukonda. Ena sakukonda mpaka kuchoka, ndipo si tchimo.

Za mowa

Kuno mowa uli paliponse ndipo umazizira bwino pa dzuwa lotere. Ine ndinkamwa kuti ndigone. Unkandigonetsadi maola atatu, kenaka n'kundidzutsa pakati pa usiku thukuta lili kamukamu, maloto ataipiratu kuposa kale. Theka la ndalama za ku Congo linathera m'mabala ndi kwa anthu amene lero sindingakumbukire ndi mayina omwe. Ndinaona mnzanga wina akutsitsidwa udindo, wina banja linatha, wina anatenga matenda. Msilikali wobwera kunja, ali yekha, ali ndi ndalama, pagombe amadziwika ngakhale asanatsegule pakamwa. Ngati ndalama zanu zikadalipo, zichotseni pafupi ndi dzanja lanu sabata ino. Gulani njerwa, simenti, kapena ziikeni ku akaunti imene mkazi wanu akuionanso.

Ndipo mkazi wanuyo, musamangomuimbira kuti mudandaule za Mangochi. Nayenso anamenya nkhondo yake, akugona ndi wailesi pakhutu mu Januwale muja, foni ikalira mtima n'kudumpha. Wanga anandiuza patapita zaka kuti ankaopa kundiuza kuti akundiopa. Titapeza kanyumba ka lendi n'kubwera ndi ana, zinthu sizinakonzeke tsiku limodzi, koma ndinasiya kudya ndekha, ndipo mwana uja ndinamukalipira anayambanso kukhala pamwendo panga.

Tsono funso lanu. Musavule yunifolomu chaka chino. Chosankha chachikulu chotere sachipanga munthu wosagona, ndipo penshoni mukaitaya simudzaitola. Transifa pemphani, ndi ufulu wanu, kudzera kwa okuyang'anirani monga mwa dongosolo, koma lembani chifukwa chogwirika: banja, sukulu ya ana, kalata ya kuchipatala. Za kutentha ine ndinalemba katatu osayankhidwa. Pamene mukudikira, pemphani ntchito yotopetsa thupi kapena kosi iliyonse, phunzirani kusambira ndi za maboti poti madzi muli nawo, gonani m'neti. Pitani kuchipatala mukanene mawu enieni, kuti sindigona, ndimadzidzimuka, ndimakwiya msanga. Uzaninso abusa kapena shehe. Ku St John of God, ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, kuli anthu ophunzira za uphungu wotere, ndiponso ku chipatala cha matenda a maganizo ku Zomba. Kupitako sikuchotsa munthu usilikali wake. Ndipo ngati usiku wina muli pa gadi maganizo abwera oti mfutiyo muitembenuzire kwa inu nokha kapena kwa munthu wina, ipatseni mnzanu nthawi yomweyo ndipo muuzeni chifukwa chake, musadikire kuche.

Mundilemberenso, achimwene. Mundiuze kuti mukugona maola angati, ndiponso ngati pa anyamata amene munali nawo ku Goma alipo amene mumayankhulana naye.