Kodi XOR ingateteze mafayilo a makasitomala?

Funso: Pulogalamu yanga ya Python imabisa mafayilo posakaniza byte iliyonse ndi kiyi ya zilembo 8 kudzera mu XOR (njira yosakanizira ma bit). Ndiiyese bwanji? Wowerenga, Katoto, Mzuzu.

Yankho: Achimwene, bisani fayilo ya ma byte a ziro okhaokha, muitsegule mu hex editor (pulogalamu yoonetsa ma byte a fayilo). Muona kiyi yanu ili poyera, ikubwerezabwereza, chifukwa XOR ndi ziro sisintha kanthu. Komanso PDF imayamba ndi %PDF, ndiye wakuba ali kale ndi theka la kiyiyo. Njira yanuyi ndi yabwino pophunzirira, koma pa mafayilo a makasitomala ayi. Gwiritsani ntchito AES-GCM, njira yobisira ya mu laibulale ya Python yotchedwa cryptography, ndi nonce (nambala yogwiritsa ntchito kamodzi kokha) yatsopano ya ma byte 12 pa fayilo iliyonse; mukaibwereza pa kiyi yomweyo, chinsinsi chaululika. Kenako, poiyesa, sinthani byte imodzi m'fayilo yobisidwayo. Iyenera kukana kutseguka.