Tip pa bilu: yankho kwa mayi woyang'anira malo odyera

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina amene amayang'anira malo odyera. Dzina lawo ndalisunga. Akuti kumene amakhala anthu alibe chizolowezi chosiyira woperekera zakudya ndalama yapadera. Munthu akadya amalipira zimene zalembedwa pa bilu, n'kuthokoza, n'kumapita. Koma masiku ano alendo ochokera kunja akumasiya ndalama patebulo, ija amati tip, moti antchito ayamba kulimbirana matebulo a alendowo. Mwini malo ataona zimenezi akufuna kuti pansi pa bilu iliyonse pazilembedwa mawu opempha kasitomala kuwonjezera 10 peresenti. Mayiwa akufunsa kuti: "Kodi n'kulakwa kuyambitsa mwambo umenewu kumene kunalibe? Antchito anga amalandira zochepa, sindikufuna kuwatsekereza mwayi."

Mayi, zikomo pondilembera. Ine ndikuti mawu amenewo musawalembe pa bilu. Koma popeza mwatchula za malipiro ochepa ndiyenera kufotokoza bwino, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepo.

Tiyambire ku America, kumene mwambowu unazika mizu kuposa kwina kulikonse. Munthu ukaona kasitomala wa kumeneko akuwonjezera 15 kapena 20 peresenti pa bilu, ungaganize kuti ndi anthu obadwa owolowa manja. Taonani lamulo lawo. Malipiro otsikitsitsa amene boma lalikulu linakhazikitsa ndi $7.25 pa ola, ndipo akhala pomwepo chiyambire 2009. Koma wantchito amene amalandira ma tip, bwana amaloledwa kumulipira $2.13 yokha pa ola, chiwerengero chimene sichinasinthe kuchokera mu 1991. Zotsalazo akazipeze kwa makasitomala. Lamulo limati ma tip akapanda kukwana, bwana awonjezere kuti zifike pa $7.25, ndipo zigawo zina monga California ndi Minnesota zimakakamiza bwana kulipira malipiro athunthu. Komabe m'zigawo zambiri ndalama imene kasitomala amasiya patebulo ndiyo malipiro enieni a munthu uja. Wosasiya kanthu amakhala ngati wamudyera thukuta.

Chodabwitsa n'chakuti anthu a ku America enieniwo poyamba ankadana nawo mwambowu. Anautengera ku Ulaya, kwa anthu olemera amene ankaponyera antchito a m'nyumba kangachepe, ndipo ambiri ankati umanyazitsa wolandirayo. Nkhondo yapachiweniweni itatha mu 1865, kampani ya Pullman inalemba ntchito amuna akuda ambirimbiri, ochuluka a iwo omasulidwa kumene ku ukapolo, kuti azitumikira anthu m'masitima okhala ndi malo ogona. Malipiro anali ochepa, chifukwa kampani inkadziwa kuti apaulendo aziwonjezera. Mu 1909 chigawo cha Washington chinaletsa ma tip mwalamulo, zigawo zina zingapo n'kutsatira, koma pofika 1926 malamulo onsewo anali atafafanizidwa. Anthu anali atazolowera kale. Ngakhale posachedwapa, Danny Meyer, mwini malo odyera otchuka ku New York, anathetsa ma tip mu 2015 n'kukweza mitengo ya zakudya kuti azilipira antchito bwino. Mu 2020 anabwerera ku ma tip omwewo. Chimene ndikufuna muone ndi ichi, mayi: chinthu chimenechi chimalowa ndi mzere umodzi pansi pa bilu, koma chikalowa, boma lenilenilo chimalikanika kuchitulutsa.

Ndiye pali Japan. Kumeneko ukasiya ndalama patebulo, woperekera zakudya akhoza kukuthamangira mpaka panja kuti akubwezere, poganiza kuti wayiwala. Kusamala mlendo amakuona ngati mbali ya ntchito imene mtengo wa chakudya walipira kale. M'nyumba zogona alendo zachikale, zimene amati ryokan, mlendo wina amapereka kangachepe kwa womusamalira, amati kokorozuke, koma amakaika mu envulopu ndipo palibe amene amakayembekezera. Envulopuyo ine imandisangalatsa. Imabisa kuchuluka kwa ndalama, moti palibe amene akupimidwa pamaso pa anzake. Ku France mtengo wa utumiki umakhala uli kale m'kati mwa mitengo ya pa menyu, ndipo wofuna amangosiya tindalama totsala. Dzina lake lomwe limaulula kukula kwake: Afalansa amati pourboire, Ajeremani amati Trinkgeld, onse akutanthauza ya chakumwa. Palibe amene amalipirira lendi ndi ya chakumwa.

Mwini malo mwina akuuzani kuti ma tip amalimbikitsa antchito kugwira bwino ntchito. Michael Lynn wa ku yunivesite ya Cornell wafufuza nkhaniyi kwa zaka zambiri, ndipo anapeza kuti kukula kwa tip kumayenderana pang'ono chabe ndi mmene kasitomala wasamalidwira. Chimene chimalamula kwambiri ndi kukula kwa bilu. Wonyamula mbale ya chakudya chodula amalandira zambiri kuposa wonyamula mbale ya chotchipa, pamene mtunda wochokera kukhitchini kufika patebulo ndi womwewo. Nanga wophika uja, amene watha tsiku lonse pamoto? Nanga wotsuka mbale, wosesa, mlonda? Kasitomala sawaona, ndiye sawakumbukira.

Ndipotu inu mwaona kale chiyambi chake. Mwanena nokha kuti antchito akulimbirana matebulo a alendo akunja. Tanthauzo lake n'lakuti kasitomala wa tsiku ndi tsiku, amene malo anu amadalira nyengo ya alendo ikatha, wayamba kudikira nthawi yaitali kuti wina abwere kudzamufunsa chimene adye. Iye sanalakwe kanthu, akulipira mtengo umene munalemba. Mukawonjezera mzere uja pa bilu, munthu ameneyu azituluka pakhomo panu ali ndi manyazi kapena atakwiya, ndipo ena sadzabweranso. Chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere.

Komabe sindikufuna kukunamizani kuti mbali inayo ilibe mfundo. Ilipo, ndipo ndi yolemera. Ndikanena kuti kwezani mitengo ya zakudya kuti mukweze malipiro, ndani akutsimikizira wantchito kuti ndalamayo imufika? Bwana akhoza kukweza mitengo n'kuika zonse m'thumba mwake. Tip yoperekedwa pamanja, ngakhale ili ndi zovuta zake, imafika kwa mwini thukuta tsiku lomwelo. Wolandira zochepa sangadye nzeru zanga za pa kompyuta. N'chifukwa chake sindikunena kuti muletse antchito kulandira chimene mlendo wapereka mwa kufuna kwake. Kukana mphatso yochokera pansi pa mtima n'kuchititsa manyazi woperekayo, komanso n'kulanda wolandirayo.

Kusiyana kuli pakati pa kulandira ndi kupempha. Mphatso imakhalabe mphatso pamene palibe akuiwerengera. Ikangolembedwa pa bilu ndi peresenti yake, mwini malo amayamba kuiwerengera, ndipo chaka chamawa antchito akadzapempha kukwezedwa malipiro, yankho lidzakhala lakuti, "Si mumalandira ma tip inu?" Komanso ndalama yodzera pa bilu kapena pa makina a khadi imayamba yalowa mu akaunti ya kampani. Ku Britain vuto limeneli linakula mpaka anachita kukhazikitsa lamulo, limene linayamba kugwira ntchito pa 1 Okutobala 2024, lokakamiza mabwana kupereka ma tip onse kwa antchito popanda kudulako. Kumene kulibe lamulo lotere, wantchito amangodalira chilungamo cha bwana.

Ndikanakhala inu ndikanachita izi. Chilichonse chimene mlendo wasiya chizilowa m'bokosi limodzi, chizilembedwa m'kabuku kamene wantchito aliyense angathe kukaona, ndipo pakutha pa sabata chizigawidwa kwa onse amene anagwira ntchito, a kukhitchini omwe, molingana ndi masiku amene aliyense wabwera. Kagawidwe kake agwirizane antchito okha, inu mungokhala mboni. Mwini malo ndi inu oyang'anira musatengeko. Matebulo azigawidwa mosinthana, kuti pasakhale wina amene ndi mwini wa alendo akunja. Mlendo akafunsa ngati ayenera kusiya kanthu, antchito azimuyankha zoona: kuno sitikakamiza, mtengo ndi womwe walembedwawo. Amene ankapeza zambiri payekha adzang'ung'udza masabata oyambirira, zimenezo muziyembekezere, ndipo mwina wina adzabisa ndalama m'thumba. Musachite kumusecha.

Za malipiro ochepazo mukakambirane ndi mwini malo mwachindunji. Ngati akukhulupirira kuti makasitomala angathe kulipira 10 peresenti yowonjezera, ndiye kuti akuvomereza kuti mitengo ya pa menyu ingathe kukwera ndi 10 peresenti yomweyo. Muwafunse kuti bwanji osaiika pa menyu poyera, n'kulemba pa pepala kuti malipiro a mwezi a wantchito aliyense akwera ndi zingati komanso kuyambira liti. Akakuyankhani, mundilemberenso.