Kwa mdzukulu amene sanapite kumaliro a azakhali ake

Kalata yako ndaiwerenga kawiri, mdzukulu wanga. Ukuti chichokereni ku yunivesite wakhala ukuwerenga mabuku a Asitoiki, anthu a nzeru akale a ku Greece ndi Rome, ndi kumvera ziphunzitso zawo pa YouTube, ndipo zakuthandiza kuleka kupsa mtima kuntchito. Ukutinso azakhali ako atamwalira ku Ntcheu sunapite, unangotumiza chipepeso pa foni, poti imfa ndi chinthu chimene sungachisinthe ndipo misozi sidzutsa wakufa. Tsopano amayi ako akuyankhula nawe mozizira, amalume akuti sukulu yakuononga. Funso lako ndi lakuti: kodi ndi kulakwa kukhala monga mwa zimene munthu amakhulupirira?

Si kulakwa ayi. Ndimalemekeza mnyamata amene amadzifunsa chifukwa chochitira zinthu, kusiyana ndi wongotsata khamu. Ndipo anthu amene wawasankha kuti akuphunzitse si anthu wamba. Zeno, amene anayambitsa chiphunzitso cha Asitoiki, anayamba kuphunzitsa ku Athens zaka pafupifupi 300 Yesu asanabadwe, ndipo ophunzira a sukulu yake ndi omwe Paulo anakambirana nawo mumzinda womwewo, monga tiwerenga pa Machitidwe 17:18. Pamene ndikutsutsana nawe ndi apa: aphunzitsi akowo sunawamve mpaka kumapeto.

Tenga Epictetus, yemwe umamutchula kwambiri. Anali kapolo ku Rome, wolumala mwendo, ndipo mfumu Domitian itathamangitsa anthu a nzeru mumzindamo iye anakatsegula sukulu ku Nicopolis, ku Greece. Wophunzira wake Arrian analemba za bambo wina amene anabwera kwa iye nanena kuti mwana wake wamkazi atadwala kwambiri, iye anathawa panyumba chifukwa sanathe kupirira kumuona akuvutika. Epictetus sanamuyamikire. Anamufunsa ngati amayi a mwanayo samukonda, ngati mlezi wake samukonda, ndipo ngati zikanakhala bwino kuti onsewo athawenso, mwanayo atsale yekha m'manja mwa anthu osamukonda. Bamboyo anavomera kuti sizikanakhala bwino. Epictetus yemweyu anaphunzitsanso kuti ukapeza wina akulira, usachite manyazi kumutonthoza ngakhale kubuula naye, bola mkati mwako usasweke. Taona, iye akukamba zokhala pambali pa wolira, iwe wamva zokhala kutali.

Marcus Aurelius, amene analamulira Rome kuyambira 161 mpaka 180, anaika m'manda ana ake angapo. Zolemba zake zotchedwa Meditations anaziyamba ndi kuthokoza, ndipo woyamba kumutchula ndi agogo ake aamuna, Verus, amene anamuphunzitsa khalidwe ndi kugwira mtima. Amayi ake anawathokoza chifukwa cha kupatsa ndi moyo wosalira zambiri. Mfumu yaikulu chotero inkadziwa kuti nzeru zake zinayambira pakhomo. Iwe utati ulembe mndandanda wotere, azakhali ako akhalamo kapena ayi? M'kalata yako wanena wekha kuti unakhala kwa iwo zaka ziwiri uli ku sekondale. Amene ankakudzutsa m'mawa, nakuikira madzi pamoto, ndiye anayamba kuumba maganizo ako Epictetus usanamudziwe.

Chiphunzitso chako chimati usamale zimene zili m'manja mwako. Chabwino. Imfa ya azakhali sinali m'manja mwako. Koma kukwera minibasi kunali m'manja mwako. Kukhala pamoto usiku ndi amuna anzako kunja kwa siwa, kutola nkhuni, kupereka madzi kwa adzukulu okumba manda, kugwira dzanja la amayi ako pobwerera kuchokera kumanda, zonsezi palibe akanakuletsa.

Ine ndinaikapo mwana wanga wachiwiri. Mwa onse amene anayankhula tsiku lija sindikumbukira mawu a munthu ngakhale mmodzi. Ndikumbukira nkhope za amene anachezera pamoto mpaka tambala kulira, ena osanena kanthu usiku wonse. Mmodzi wa iwo tinali titakangana za malire a munda, osapatsana moni chaka chathunthu. Anabwera ndi khasu lake. Pamene makolo ankati maliro n'kulirana, sankatanthauza kuti aliyense atulutse misozi. Ankanena za kufika, kuti woferedwa akakweza maso aone anthu. Umunthu umene agogo anga aakazi anandiphunzitsa, iwo osadziwa kulemba dzina lawo, unali wa mtundu umenewu, ndipo nditadzawerenga mabuku a ku Greece ndili mphunzitsi sindinapeze kuti akutsutsana nawo.

Pali zina zimene ndikugwirizana nawe, ndipo amalume ako ndingawauze pamaso. Maliro a masiku ano akulemera mopitirira. Banja limakongola katapila kuti ligule bokosi lodula, anthu adye mpunga ndi nyama, kenako ana amasiye n'kusowa fizi. Apa nzeru ya Asitoiki yosalira zambiri ikufunika ndithu. Koma mawu oterewa amamveka akachokera kwa munthu amene wakhala nawo pamphasa pokambirana. Wotumiza uthenga ali m'tauni, ngakhale anene zoona, anthu amangomva kunyada.

Ndikufunsenso chinthu chimodzi, uyankhe mumtima mwako. Kodi chinakuletsa ndi chiphunzitsocho, kapena unaopa kuona nkhope ya azakhali m'bokosi? Ngati ndi mantha, palibe chochititsa manyazi, tonse tinayamba choncho. Kungoti mantha uwatchule dzina lawo, usawaveke chovala cha nzeru.

Mabuku ako usawataye, ndipo amalume usawayankhe mwamakani. Mwezi uno ukalandira malipiro, pita ku Ntcheu. Ukayambe kwa amayi ako, ukhale pansi, uwauze kuti unalakwa osaonjezera zifukwa. Ukapemphe amalume kuti iwo ndi a mfumu akuloleze kuona manda, poti kumanda sitingolowako tokha. Ukafunse za ana amene azakhali asiya, ndani akuwasunga, ndani ali pasukulu. Ndipo akamadzakonza zomanga chiliza, iwe ukhalepo kuyambira tsiku loyamba lokambirana. Ukabwerako undilembere, ndikufuna kumva mmene amayi ako akulandirira.