Kodi lassi ndi chambiko chothira madzi basi?

Mayi wina wa ku Zomba wandilembera imelo. Akuti anakadya pa lesitilanti ya Amwenye ku Blantyre, ndipo pambali pa mpunga wa tsabola wambiri anawapatsa chakumwa choyera, chozizira, cha mchere pang'ono, chonunkhira zokometsera. Atafunsa anauzidwa kuti ndi lassi. Funso lawo ndi ili: "Kodi chimenechi si chambiko chothira madzi basi? Ngati ndi choncho, ndingapange bwanji kunyumba kuti chikome ngati chija?"

Amayi, zikomo polemba. Lilime lanu silinakunamizeni, zinthu ziwirizi ndi pachibale ndithu. Koma mukangothira madzi m'chambiko n'kuvundula ndi sipuni, mukhumudwa, ndipo mudzati Amwenye aja anakubisirani kanthu. Palibe chimene anabisa. Kukoma konse kuli pa momwe mkakawo wasasira, momwe waupukusira, ndi timbewu tina totchedwa jeera (pa Chingerezi cumin).

Kwawo kwa lassi ndi ku Punjab, dera la alimi a tirigu limene linagawidwa pakati pa India ndi Pakistan mu 1947. Kumeneko m'miyezi ya Meyi ndi Juni kutentha kumatha kupitirira madigiri 45, ndipo masana kumaomba mphepo youma, yotentha, imene amaitcha loo. Kale kulibe mafiriji, mkaka wokama m'mawa sukanafika madzulo. Choncho ankauwiritsa, kuusiya kuti ufunde, kuthiramo sipuni ya mkaka wosasa wa dzulo, n'kuuvundikira m'mbiya usiku wonse. M'mawa umakhala utagwirana, ndipo umenewu ndiwo dahi. Tizilombo tabwino ta mu sipuni ija timadya shuga wachilengedwe wa mumkaka n'kumusandutsa asidi, ndipo asidiyo ndi amene amaugwiranitsa ndi kuuteteza kuti usaonongeke msanga.

Kusiyana koyamba ndi chambiko chathu cha kumudzi kuli pamenepa. Ife nthawi zambiri timangousiya mkaka kuti usase wokha, ndiye lero umawawasa kwambiri, mawa pang'ono. Dahi amachita kumuyambitsa dala ndi mbewu ya dzulo, ndipo amamuchotsa pofunda asanafike powawasa moluma. Kwina n'kwakuti mkaka wambiri wa ku Punjab ndi wa njati zoweta, umene uli ndi mafuta pafupifupi kuwirikiza kawiri a mkaka wa ng'ombe. N'chifukwa chake lassi wa ku Amritsar, mzinda wa ku Punjab, ndi wolemera zedi: amabwera m'tambula yaitali yachitsulo, wothira shuga, pamwamba ataikapo chigamphu cha mafuta a mkaka otchedwa malai, moti ena amayamba ndi sipuni asanamwe. Munthu akamaliza tambula imodzi amafuna pogona. Ku Jaipur ndi ku Varanasi, mizinda ina ya ku India, amakonda kumuthira m'kakapu kadothi kotchedwa kulhad, kamene umamwera kamodzi n'kutaya, ndipo kafungo ka dothi lootcha kamalowerera m'chakumwacho.

Koma chimene inu mwafotokoza, chopyapyala, cha mchere ndi zonunkhira, chikufanana kwambiri ndi chimene ku Gujarat ndi ku Rajasthan, kumadzulo kwa India, amati chaas. Sindingadabwe ngati ndi chimenecho munamwa, poti mabanja ambiri a Amwenye a ku Limbe ndi ku Lilongwe makolo awo anachokera ku Gujarat. Chaas poyamba anali madzi otsala popanga batala. Mayi wapakhomo ankathira dahi ndi madzi m'mbiya yaikulu, n'kuikamo kamtengo ka mapiko kunsonga kotchedwa madhani, kokulungidwa chingwe. Akakoka mbali iyi, kenako iyo, kamtengo kaja kamapukusa mpaka batala kuyandama. Batala ankamuwengula kukapangira mafuta ophikira otchedwa ghee, ndipo chotsalacho, chopepuka ndi chowawasira, ndicho ankamwa anthu pochokera kumunda. Pafupifupi dera lililonse la India lili ndi chake. Ku Maharashtra amati taak, ku Karnataka majjige, ku Tamil Nadu neer mor, ku Kerala sambaram. A kummwera kwa India amasinjiramo jinja, tsabola wobiriwira ndi masamba a kare (curry leaves), ndipo ena amakazinga njere za mpiru m'timafuta mpaka zithetheke n'kuzikhuthulira pamwamba.

Ine mtima wanga uli pa cha mcherechi. Kunja kwa India anthu ambiri amadziwa lassi wa mango, wotsekemera ngati ayisikilimu, ndipo ndi wokomadi, sindikutsutsa. Koma ameneyo amakhutitsa usanadye n'komwe. Cha mchere chija chili ndi ntchito patebulo. Chimabwezera madzi ndi mchere umene thukuta lachotsa, ndipo chimazimitsa moto wa tsabola m'kamwa, zimene madzi wamba amalephera, chifukwa chinthu chimene chimawawa mu tsabola chimagwirana ndi mafuta ndi mapuloteni a mumkaka n'kutsukika. Ku Gujarat chakudya cha masana sichikhala chokwanira popanda kapu ya chaas. Ngakhale Amul, bungwe la alimi a mkaka limene linayamba mu 1946 ku Anand, ku Gujarat komweko, limagulitsa chaas wothira zonunkhira m'timapaketi. 

Tsopano tilowe kukhitchini. Yambani ndi jeera, chifukwa ndiye mwini fungo limene mukulikumbukira. Ndi timbewu tofiirira, totalikirapo, tamizeremizere, ndipo timapezeka m'masitolo a Amwenye ndi m'masupamaketi. Gulani wa njere, osati wogaya kale. Ikani chiwaya chouma pamoto wochepa, osathira mafuta, tsanuliranimo sipuni ziwiri za njerezo ndipo muzizitakasa osachokapo. Pakangopita mphindi imodzi kapena ziwiri ziyamba kuderako, ndipo fungo lake lisintha kuchoka pa la udzu wouma n'kukhala lofunda, ngati la mtedza wokazinga. Phulani pomwepo. Zikada bii zimawawa ndipo palibe chowombola, mungotaya n'kuyambiranso. Zikazizira sinjani m'kamtondo, sungani m'kabotolo kotseka bwino.

Kenako tengani kapu imodzi ya chambiko chatsopano, chosawawasa kwambiri, kapena yogati wopanda shuga ndi zokometsera. Mupukuseni yekha kaye, musanathire madzi, mpaka zibuluma zonse zithe. Anthu ambiri amalakwitsa apa: madzi akalowa msanga, zibuluma zimangoyandama ndipo sizisungunukanso. Akasalala, thirani makapu awiri a madzi ozizira pang'onopang'ono mukupukusabe, kenako theka la sipuni yaing'ono ya jeera uja ndi kamchere kotsina ndi zala. Blenda imachita zonsezi mu theka la mphindi. Ngati mulibe, kapena magetsi athima, thirani zonse m'botolo lapakamwa papakulu, tsekani, khutchumulani mwamphamvu mpaka thovu likwere. Thovulo n'lofunika, ndi limene limapepukitsa chakumwachi pakhosi. Mukafuna lassi wolemera wa ku Punjab, tembenuzani muyezo: makapu awiri a chambiko, imodzi ya madzi kapena kucheperapo.

Mukalawa n'kuona kuti pakusowabe kenakake poyerekeza ndi cha ku lesitilanti, mwina ndi kala namak. Ndi mchere wa miyala umene ukasinjidwa umaoneka wofiirirako, ndipo uli ndi kafungo ka salufa kamene poyamba kangakudabwitseni. Kochepa chabe n'kokwanira, kunsonga kwa mpeni. Timasamba ta minti kapena ta dhania (coriander) tosinja, ndi kachidutswa ka jinja, timawonjezera kukoma, koma musathire zonse tsiku limodzi. Yambani ndi jeera ndi mchere, mudziwe kaye kakomedwe kake.

Chambiko chikakhala kuti chawawasa kale, musathamangire shuga. Sakanizani ndi mkaka wowiritsa wozizira, theka ndi theka, n'kuchepetsa madzi. Ndipo ngati mumagula mkaka kwa okama ng'ombe, chonde uwiritseni kaye musanausasitse. Kusasa pakokha sikupha tizilombo tonse, ndipo mkaka wosawiritsa umatha kufalitsa TB ya ng'ombe ndi matenda ena. Mukauwiritsa, usiyeni ufunde mpaka chala choyera chitha kukhalamo osapsa, thiranimo sipuni imodzi ya yogati pa theka la lita, vundikirani pamalo pofunda kwa maola 6 mpaka 8. Nyengo ya chisanu ku Zomba ungafune nthawi yotalikirapo, choncho kutani mphikawo ndi nsalu. Madzi othirawo akhalenso otetezedwa, chifukwa chakumwachi sichipita pamoto.

Pangani chokwanira tsiku lomwelo. Chikakhalitsa madzi amapatukana ndi mkaka n'kukwera pamwamba, koma sikuti chaonongeka, ingokhutchumulaninso. Ndipo pa dahi amene mwapanga, sungani sipuni imodzi m'kambale kuti idzayambitse wa mawa.