Mwana wa kalasi yachiwiri sakuwerengabe: muyambire pati?

Mayi wina wa ku Ulongwe, m'boma la Angónia ku Mozambique, watilembera pa imelo. Mwana wawo wamkazi wa zaka 7 ali m'kalasi yachiwiri, amalowa masana, ndipo chaka chafika pakati asanayambe kuwerenga. Madzulo akakhala pa TPC, ntchito ya kusukulu yochitira kunyumba, amangolira. Mayiwo Chipwitikizi amachimva pang'ono, ndiye akufunsa ngati pali chimene angachite kapena angosiyira aphunzitsi.

Chilipo, mayi, ndipo sichilira Chipwitikizi chambiri.

Yambani ndi nthawi. Mwana wolowa masana amafika pakhomo dzuwa litapendeka, ali ndi njala, nsima n'kumulemera, kenako mukumuika pa kope pansi pa tochi. Palibe chingalowe pamenepo. Ntchito ya kusukulu isamutsireni m'mawa, akangomwa phala, asanapite kumjigo kapena kukalera mng'ono wake. Mphindi 20 zakwana, koma tsiku lililonse. M'miyezi ya June ndi July, pamene kuzizira kwa ku Angónia kumaumitsa zala, dikirani dzuwa lifike pakhonde.

Pa mphindi 20 zija, 10 zoyamba zikhale za Chichewa. Ena amati zimenezi zimasokoneza mwana, koma kulumikiza zilembo amakuphunzira kamodzi kokha, ndipo amakugwira msanga m'chilankhulo chimene amalota nacho. N'chifukwa chake sukulu zina za m'chigawo cha Tete zimayamba ndi Chinyanja, Chipwitikizi n'kumalowa pang'onopang'ono. Dulani katoni tizidutswa, mulembepo ma, me, mi, mo, mu, ndi ta, te, ti, to, tu. Sabata imodzi zilembo ziwiri zatsopano basi. Iye azisanja yekha: mutu, moto, tate. Akapanga mawu amene akuwadziwa, nkhope imasintha, mudzaona.

Mphindi zotsalazo atsegule buku la kusukulu, awerenge mizere iwiri kapena itatu akuloza ndi chala. Apa pali misampha imene imagwira ana athu pafupifupi onse. M'Chichewa mawu aliwonse amathera pa a, e, i, o kapena u, ndiye mwana akakumana ndi flor amalemba "fulori", akuwonjezera zimene khutu lake lazolowera. Zilembo r ndi l kwa ife zimasinthana popanda vuto, koma m'Chipwitikizi rata ndi lata ndi zinthu ziwiri, china khoswe wamkazi, china chitini. Phokoso la ny iwo amalilemba nh, monga mu galinha. Ndipo c amamveka ngati k mu casa koma ngati s mu cebola. Mwana wolakwitsa pamenepa si mbuli ayi. Sankhani msampha umodzi pa sabata, mulembe mawu asanu, aziwatchula mokweza.

Chenjerani ndi kuloweza. Ana ambiri amaimba tsamba lonse monga anamvera m'kalasi, makolo n'kumati wayamba kuwerenga. Phimbani chithunzi ndi dzanja, mumuloze mawu a pakati pa mzere. Akangoti kakasi, bwererani ku tizidutswa tija. Ndipo mkulu wake asamamulembere TPC. Kope loyera bwino limanamiza aphunzitsi, iwo n'kuganiza kuti zonse zili bwino, mpaka mayeso a kumapeto kwa teremu atabwera ndi 6 pa 20.

Kukalipa ndi kamtengo zisiyeni. Akayamba kulira, tsekani buku, mawa kuliko.

Kusukulu pitaniko musanaitanidwe kumsonkhano wa makolo. Funsani aphunzitsi zilembo zimene afika, komanso pamene mwanayo amakhala. M'kalasi yodzaza, kamwana kamanyazi kamathera kumbuyo kumene bolodi silioneka. Onaninso masiku amene wajomba. Nthawi yopalira, yokumba kachewere, kapena tsiku la msika, ana ambiri amatsalira, ndipo sabata imodzi yokha ikhoza kumuphonyetsa zilembo zimene phunziro lotsatira laimapo.

Mukachita zimenezi miyezi iwiri osaona kusintha, yesani maso ndi makutu. Lembani zilembo zazikulu pa pepala, aime mapazi khumi, atseke diso limodzi kenako linalo. Muitaneni motsitsa mawu atakufulatirani. Ngati amatsinzina poyang'ana patali, amasendeza buku pamphuno, kapena khutu limatuluka mafinya, mupite naye kuchipatala, ndipo muwauze aphunzitsi kuti amuike kutsogolo kuyambira tsiku lomwelo.