Gululo liyambitseni, koma mabwana musawalowetse

Achimwene, mwanena zoyambitsa gulu loti ogwira ntchito m'makhonsolo tizigawana nzeru za ntchito. Gululo liyambitseni lero lomwe, musadikire kalata ya a DC. Mwandikhudza pachilonda.

Ndisanabwere kuno ku Zomba ananditumiza ku khonsolo ina, dzina ndisunga, ku ofesi ya mapulani. Amene ndinalowa m'malo mwawo anachoka Lachisanu, ine n'kufika Lolemba. Zimene anandisiyira ndi makiyi awiri ndi kabati ya mapepala odyedwa ndi chiswe. Zina zonse zinali mu laputopu yawo, laputopuyo n'kupita nawo. Sipanathe mwezi, a LAPA aja anatulukira, aja amadzaona ngati khonsolo ikuyenera kulandira ndalama za pulojekiti yothandiza makhonsolo ya GESD. Akuti tioneni maminitsi a ma ADC, makomiti a chitukuko a m'madera, osonyeza kuti ntchito zili m'pulani yanuyi zinachokeradi kwa anthu kudzera m'ma VDC, makomiti a chitukuko a m'midzi. Ndinatsegula kabati ija onse akuyang'ana, fumbi kuti bwii. Fayilo yokhayo yooneka bwino inali ya 2013, nthawi ija tinalibe ndi makhansala omwe, paja kuyambira 2005 mpaka 2014 dziko lino linayenda popanda makhansala. Malaya ananyowa ndi thukuta, m'kamwa gwa. Ndinatuluka panja kukawaimbira akulu ndinalowa m'malo mwawo aja, kasanu konse. Atayankha akuti, "Ndili pa wekishopu ku Mangochi, tilankhulana." Mpaka lero tikulankhulanabe. Ndiye bwana wanga, amene ankadziwa bwinobwino kuti ndangofika, n'kunena pamaso pa alendo kuti achinyamata a masiku ano sasamala mafayilo. Ine? Mafayilo ake ati? Munthu ameneyo ndikamuona pa Facebook akulemba za utsogoleri wabwino ndimangozimitsa foni.

Anandipulumutsa ndi mayi wina wa mu AEC (komiti ya alangizi a m'dera), mlangizi wa zachitukuko cha m'midzi. Anamva nkhaniyo kwa mesenjala, mawa lake n'kubwera pa kabaza ndi makope atatu a chikuto cholimba, maminitsi onse a dera lake olemba pamanja. Mayi ameneyo sanaitanidwepo ku wekishopu ya kunyanja. Amaitanidwa ndi omwe aja amabwerako ndi alawansi ndi chikwama, zimene aphunzira osauza munthu. Kuyambira 1998 timaimba kuti mphamvu ku anthu, koma nzeru za ntchito zidakali m'malaputopu a anthu asanu.

Ndiye m'gulumo muikemo a kumadera, a ku Chingale, Jali, Mayaka, Domasi, osati a m'tauni okha. A city ndi a district mukhale pamodzi, paja mtsinje wa Likangala ukasefukira sufunsa kuti malire ali pati, namondwe Freddy anationetsa mu 2023. Aliyense wosamutsidwa asiye mafayilo m'gulumo asananyamule katundu.

Koma mabwana ayi. Akangolowa, anthu amasiya kufunsa, zimangotsala "noted bwana". Komanso musamangoponya chilichonse. Ine nditapola ndinakonza fomu yanga yolondolera ntchito za ma ADC, n'kuigawa mwaulere, patapita miyezi n'kuiona pa projekita ili ndi dzina la wina. Pano ndimatumiza PDF yokha, Excel imakhala kwa ine. Amene akuifuna andipeze ku inbox, tikambirane kaye.