Musanamupatse negative, lankhulani naye kaye wogulitsayo

Achimwene a ku Ntcheu amene mwafunsa za laputopu imene munawina pa okushoni ya pa eBay, msika wa pa intaneti uja, mwati yafika mochedwa, batire ikutha msanga, ndiye wogulitsa akupemphanso kuti mumupatse positive (ndemanga yoyamikira), inu mtima ukuti mungomuthira negative (ndemanga yodandaula) basi. Ine ndikuti dekhani kaye, chifukwa apa mwaphatikiza nkhani ziwiri ndipo imodziyo si mlandu wake.

Za kuchedwazo, mwanena nokha kuti katunduyo anafikira kwa achemwali anu ku UK, anakhala kumeneko kudikira munthu wobwera kumudzi, kenako msonkho wa MRA, kenako minibasi mpaka pa boma. Wogulitsa ntchito yake inathera pakhomo pa achemwaliwo. Tsegulani tracking (polondolera ulendo wa phukusi) muone tsiku limene anatumiza ndi limene phukusi linafika, ngati anasunga masiku amene analonjeza ndiye pa nyenyezi zimene ogula amapereka za katumizidwe mupatseni zisanu zake ndi mtima woyera, njira ya ku Malawi sakuidziwa n'komwe munthu ameneyo.

Batire ndiye nkhani yeniyeni. Bwererani pa listing, tsamba limene anafotokozerapo katunduyo, muwerenge mawu onse mpaka pansi, osati zithunzi zokha ayi, ambirife timangoona chithunzi ndi mtengo n'kuyamba kubida magazi atatentha. Ngati analemba kuti ndi used (yogwirapo kale ntchito) ndipo batire siikhalitsa, munagula mukudziwa, palibe chomudandaulira. Koma ngati analemba kuti chilichonse chili bwinobwino pomwe laputopu ikuzima mukangozula chaja, pamenepo wachita zija za ndowa ya kachewere pa Lizulu yoti zikuluzikulu zili pamwamba pansi pali timisenga, ndipo ogula ena akuyenera kudziwa. Komabe ngakhale zili choncho yambani mwamulembera mu meseji za pa eBay pomwepo, osati pa WhatsApp, kuti umboni ukhale poti eni webusaiti atha kuuona. Jambulani kavidiyo batire ili pa 100 mukuzula chaja, muonetse mmene ikutsikira, mutumizireni zithunzi zake n'kumufunsa mwaulemu kuti tipange bwanji. Ogulitsa ambiri amabweza kandalama kena koti mugulire batire ina, chifukwa negative amaiopa kwabasi.

Kuopako kuli ndi chifukwa. Kuyambira 2008 eBay inaletsa ogulitsa kupereka negative kapena neutral (ndemanga yapakatikati) kwa ogula, popeza ankabwezerana, munthu ukadandaula nayenso ankakudetsera mbiri ndiye anthu ankangokhala chete. Panopa mphamvu zonse zili kwa inu wogula. Peresenti ya ma positive imene mumaiona pambali pa dzina la wogulitsa imawerengedwa pa miyezi 12 yapitayi, ndiye taganizani munthu wamng'ono amene ali ndi ma positive 20 okha, negative yanu imodzi ikumugwetsa kuchoka pa 100 kufika cha m'ma 95, ogula n'kuyamba kumulambalala. Kwa sitolo yaikulu sizimveka n'komwe koma kwa munthu amene akungogulitsa katundu wa m'nyumba mwake ndi bala lalikulu. Ine zimandipweteka ndikaona wina walemba mawu amodzi oti wakuba popanda kufotokoza chimene chinachitika, sizithandiza aliyense zimenezo.

Chimodzi chokha musayerekeze, kumuuza kuti ndibwezere ndalama apo ayi ndikupatsa negative. Kumeneko eBay imakutenga ngati kuopseza, akakakunenezani ndemanga yanu itha kufufutidwa ndipo akaunti yanu ndi imene ilowe m'mavuto. Nenani vuto, pemphani chimene mukufuna, za ndemanga musazitchule.

Nthawi muli nayo, ndemanga mumaloledwa kuika mpaka masiku 60, ndiye palibe chothamangira. Chimene chimathawa msanga ndi chitetezo cha eBay chobwezeredwa ndalama, n'cha masiku 30 chifikireni katundu, komanso sichikhudza katundu amene wafika pa adiresi yoyamba kenako n'kutumizidwanso kwina. Ife a kuno chimatipweteka n'chimenechi, choncho ulendo wina achemwaliwo aziyatsa n'kuyesa chinthucho tsiku lomwe chafika, chisanakwere ndege.

Wogulitsayo akakukonzerani, lembani zoona zake, mwachitsanzo kuti batire inali yofooka kuposa mmene analembera koma anayankha msanga ndipo anabweza gawo la ndalama. Imeneyo ndi positive kapena neutral yothandiza wogula wotsatira. Akakhala chete kapena kukutukwanani, apo negative ndi yake ndithu, ikani mosazengereza, koma mulembe zimene zinachitika zokha, za mtundu wake kapena makolo ake ayi.

Nanu ogulitsa muli mugulu muno, makamaka amene mumapanga timaokushoni ta kaunjika ndi nsapato pa Facebook ndi pa WhatsApp kuno ku Dedza ndi ku Ntcheu, izi zikukukhudzaninso. Munthu akalipira pa Airtel Money kapena Mpamba nthawi yake muyamikireni pagulu osadikira kuti iye ayambe. Wina akadandaula kuti jekete yafika zipi yakufa musamuchotse mugulu kapena kufufuta komenti yake, yankhani pomwepo modekha mmene mukonzere, ife owerenga timayang'ana kwambiri yankho lanulo kuposa dandaulo. Ogula nafenso kubida ndi lonjezo, kuwina kenako n'kuzimitsa foni ndi nkhanza kwa mayi amene watsegula belo ndi ndalama ya ku banki m'khonde.

Achimwene, kopani mawu amene analemba pa listing onena za batire muwaike pano, dzina la wogulitsa mubise, tikuthandizeni kuona ngati ananama kapena ayi musanadine chilichonse.